Magazi ndi athu, sikelo ili kwa eni ake

Mlimi wa mtedza wa ku Mkanda kapena kwa Kamwendo simungamuphunzitse za sikelo. Amagalauza yekha, kubzala, kupalira, kukumba, kuthothola ndi kuswa mpaka zala kuchita matuza, koma tsiku logulitsa mawu otsiriza amakhala a munthu amene wakoleka sikelo panthambi ya mtengo. Vendayo akati thumba lalemera makilogalamu 46, ndiye kuti ndi 46, ngakhale msana umene unalisenza ukuchitira umboni kuti ndi 50. Ung'ung'udza, uyang'ana kumwamba, kenaka ulandira ndalamazo. Utsutsa ndi chiyani poti sikelo ulibe? A Malawi Bureau of Standards amayendera misika n'kulanda masikelo obera, koma fumbi la galimoto yawo lisanakhazikike, ina imatuluka kale pansi pa chiguduli.

Amayi a m'boma lino la Mchinji ali ndi sikelo yawonso, ya ana. Mwezi ndi mwezi amabereka mwana kumka kusikelo, mwana n'kukolekedwa, alangizi a zaumoyo n'kulemba m'kabuku. Kuyambira mu April 2019, m'madera ena a Mchinji, kusikelo komweko ana anayamba kulandira katemera wa malungo wa RTS,S. Boma lathu linali limodzi mwa maboma 11 a m'Malawi amene anasankhidwa kuti dziko lonse lapansi lionerepo ngati katemerayu angayende bwino m'zipatala wamba. Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, kenaka miyezi 22. Pa 6 October 2021 bungwe la WHO linavomereza katemerayu, ndipo kauniuni wa m'mayiko atatuwa anaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Mikono ya ana a Mchinji ili m'chiwerengero chimenecho.

Pali sikelo yachitatu, imene ambiri sitinaionepo, ndipo ndi imene yandidzutsa lero. Ndi kagalasi kosaposa chikhadabo, kopakidwa golide wopyapyala moti mutasanjikiza mipako 1,000 ndiye mungayandikire kunenepa kwa tsitsi limodzi. Asayansi amangoti chip. Ntchito yake ndi kuyeza mmene antibody amagwirira mdani wake. Thupi likakumana ndi kachilombo, kapena ndi katemera amene wavala khungu la kachilomboko, limaumba asilikali a m'magazi otchedwa ma antibody. Msilikali aliyense ali ndi manja awiri oumbidwa kuti agwire malo amodzi okha pa puloteni ya mdaniyo. Kuyeza kwa masiku onse m'malabotale, kumene amati ELISA, kumatiuza kuchuluka kwa asilikali amene agwira. Koma kuchuluka ndi nkhani ina, kagwiridwe ndi nkhani ina. Ntchentche ndi nkhupakupa zonse zimatera pa ng'ombe. Ntchentche imauluka mchira ukangogwedezeka, pamene nkhupakupa mpaka dibi.

Kagalasi kaja kamasiyanitsa ntchentche ndi nkhupakupa. Pamwamba pa golideyo pamakhala timaulusi ta mtundu wina wa shuga wotchedwa dextran, ndipo pa timaulusi timeneti wasayansi amamangirirapo puloteni ya kachilombo, monga mmene mwana amapakira ulimbo pa kamtengo. Kenaka madzi okhala ndi ma antibody amayenda pamwamba pake kudzera m'kamfuleni kochepetsetsa. Kunsi kwa galasi makina amaunikira kuwala. Pali mapendekeredwe amodzi pamene golideyo amameza kuwalako m'malo mokubweza, ndipo chinthu chikangomata pamwamba, mapendekeredwe amenewo amasuntha pang'ono. Kompyuta imajambula mzere: ma antibody akamagwira, mzere umakwera, ndipo akatsukuluza ndi madzi opanda kanthu, mzere umatsika molingana ndi mmene akutayira. Wokwera msanga n'kutsika pang'onopang'ono ndiye msilikali wabwino. Ndi sikelo yeniyeni, chifukwa chimene ikumva ndi kulemera, ndipo imazindikira ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a galamu. Njirayi imatchedwa surface plasmon resonance. Anaionetsa koyamba pa ntchito yotere Bo Liedberg, Claes Nylander ndi Ingemar Lundström ku yunivesite ya Linköping ku Sweden mu 1983, ndipo mu 1990 kampani ya Pharmacia ya ku Uppsala inayamba kugulitsa makina ake otchedwa Biacore. Ndi zaka zoposa 30 zapitazo. Si zamawa izi, n'zadzana.

Mwina mukuti zikutikhudza bwanji ife odya nsima ya mgaiwa. Tamvani nkhani ya Mmalawi mnzathu amene mabuku a sayansi amamudziwa ndi nambala yokha, CH505. Anapezeka ndi HIV patangopita milungu yochepa chitengereni kachilomboko, ndipo anavomera kuti azitengedwa magazi kawirikawiri kwa zaka zingapo. M'thupi mwake munachitika mpikisano umene asayansi anali asanauonepo kuyambira pachiyambi: kachilombo kakasintha khungu, asilikali nawo n'kusintha manja, kachilombo n'kusinthanso, mpaka panabadwa antibody wotchedwa CH103 amene amatha kufooketsa mitundu ya HIV yoposa theka mwa imene anamuyesa nayo. Antibody wotere ndi wosowa. Mu April 2013 magazini ya Nature inasindikiza nkhaniyi, ndipo inagwedeza onse ofufuza za katemera wa HIV. Gulu lotsogoleredwa ndi Barton Haynes ku Duke University, mumzinda wa Durham ku North Carolina, linalondola mbumba yonse ya antibody ameneyu, kuyambira kwa kholo lake mpaka kwa zidzukulu, ndipo pa magalasi a Biacore linaonetsa kuti kholo lija linkagwira khungu la kachilombo koyambako, ndipo mbadwo uliwonse unkagwira molimba kuposa umene unaubala. Kuchokera pamenepo anapanga mapuloteni a katemera woyeserera otchedwa ndi nambala yomweyo ya CH505, amene anayamba kubayidwa kwa anthu odzipereka ku America mu 2017. Chaka chomwecho, magazi a Mmalawi winanso, CH848, anabala mbumba ina ya ma antibody yotchedwa DH270.

Ndisanamiziridwe kuti ndikunena kuti anthuwa anaberedwa. Anavomera okha, makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku anasaina, ndipo pa mndandanda wa olemba nkhani ya mu 2013 ija pali dzina la Mmalawi, Gift Kamanga. Ntchito ya ku Duke inali ya luso lapamwamba ndipo ndimaivulira chipewa. Koma taonani kagawidwe ka ntchito. Ife tinapeza wodwala, tinamulangiza, tinamubaya, tinasunga magazi m'firiji, tinalongedza. Iwo anayeza, anatanthauzira, anapanga katemera, ndipo ophunzira awo anatengerapo madigiri ndi luso la m'manja. Ndi ulimi wa fodya womwe uja: masamba ndi athu, koma fakitale ya ndudu ili kutsidya la nyanja.

Za malungo nazo zinayenda njira yomweyo. Kafukufuku wamkulu wa RTS,S, wa pakati pa 2009 ndi 2014, anakhudza ana oposa 15,000 m'malo 11 a m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo amodzi mwa malowo anali Lilongwe, pansi pa UNC Project. Magazi oyezera ma antibody a anawo ankapita ku Ghent ku Belgium. Katemerayu anachepetsa malungo ndi pafupifupi 36 pa 100 alionse m'zaka zinayi mwa ana amene analandira jekeseni zonse zinayi. Ndi phindu lenileni, ndipo mayi amene akuzemba jekeseni yachinayi akudzilanda yekha. Komabe 36 si 90, ndipo funso la chifukwa chake limatibwezera ku kagalasi kaja. Udzudzu ukaluma, tizilombo timene walavula sitichedwa pakhungu, timathamangira kuchiwindi, ndipo kamodzi kokha kakafikako kamaswana n'kukhala masauzande ambirimbiri. Asilikali ali ndi kanthawi kochepa. Ayenera kukhala ambiri, ndipo ayenera kugwira osataya. Ofufuza a ku ISGlobal ku Barcelona anaonetsa mu 2019 kuti chitetezo cha ana obayidwa RTS,S chimayenderana ndi zonse ziwiri, kuchuluka kwa ma antibody ndi kulimba kwa kagwiridwe kawo.

Apa pali chinthu chimene chimandiseketsa ndi kundipweteka pamodzi. Puloteni ya m'katemerayu inatengedwa ku mtundu wa tizilombo wotchedwa 3D7, umene gwero lake ndi wodwala wina amene ankakhala pafupi ndi bwalo la ndege la Schiphol ku Netherlands. Mu 2015, kafukufuku wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine anapeza kuti mwa tizilombo timene tinkadwalitsa ana a m'kafukufuku uja, tosakwana 10 pa 100 ndi timene tinkafanana ndendende ndi 3D7 pa chigawo china cha puloteniyo. Pa tizilombo tofananato katemera ankateteza pafupifupi 50 pa 100 m'chaka chimodzi, pamene pa tinato ankateteza pafupifupi 33. Ndiye funso lachibadwidwe nali: asilikali amene katemera amaumba m'thupi la mwana wa kwa Zulu kapena kwa Mavwere amagwira motani puloteni ya tizilombo ta m'madambo a mtsinje wa Bua? Ndi funso la Mchinji. Wa ku Ghent angalifunse ngati alipo womulipira kuti alifunse. Ife tiyenera kulifunsa chifukwa ana ake ndi athu.

Ndipo zikubwerazo zidzadalira sikeloyi kuposa zapitazo. Asayansi a ku NIH ku Bethesda, motsogozedwa ndi Robert Seder, anasankha antibody mmodzi wogwira bwino koposa, n'kumuchulukitsa m'fakitale kuti munthu azingobayidwa wopangidwa kale. Woyamba, CIS43LS, atayesedwa kwa akuluakulu ku Mali anateteza 88 pa 100 kwa miyezi isanu ndi umodzi pa mulingo waukulu, malinga ndi zotsatira za mu 2022. Wachiwiri, L9LS, anayesedwa kwa ana a zaka 6 mpaka 10 komweko, ndipo zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti jekeseni imodzi inachepetsa kudwala malungo ndi 77 pa 100 pa mulingo waukulu. Taganizani, jekeseni imodzi mvula isanagwe, mwana n'kudutsa dzinja. Kuti antibody mmodzi asankhidwe pakati pa anzake ambirimbiri, amadutsa pa zoyezera za mtundu umenewu. Tsiku limene mankhwala otere adzafike pa Kamuzu International Airport, bungwe lathu loona za mankhwala la PMRA lidzafunika kutsimikiza kuti zimene zili m'botolo zikugwirabe pambuyo pa ulendo ndi kutentha kwa kuno. Lidzatsimikiza ndi chiyani? Ndi kalata ya wogulitsa yemweyo?

Kale tinkadzitonthoza kuti abwenzi athu akutiyezera. Chaka cha 2025 chinatiphunzitsa kuti mlendo ndi mame. USAID inatsekedwa ife tikuona, anthu ogwira ntchito za umoyo n'kubwerera kunyumba ndi makalata m'manja. Kumapeto kwa May chaka chomwecho, boma la America linauza magulu a ku Duke ndi ku Scripps kuti silipitiriza kulipira ntchito yawo yaikulu ya katemera wa HIV. Ndi Duke yomwe ija ya CH505 ndi CH848. Chigamulo chinagwa ku Washington, ndipo palibe anaimba foni ku Lilongwe kufunsa maganizo a eni magazi. Sindikuwadzudzula, ndalama ndi zawo. Ndikudzudzula ife amene tinaganiza kuti nkhwangwa yobwereka tidzadula nayo mitengo mpaka kalekale.

Ndikudziwa zimene a ku Capital Hill ayankhe, chifukwa yankho lake silisintha. Adzati: bambo inu, zipatala zikusowa LA ndi panado, ambulansi ili pa mawe chifukwa cha matayala, ndalama zakunja kulibe, magetsi ndi othimathima, ndiye mukufuna tigule galasi la golide? Yankholi lili ndi mano, ndipo sindilipeputsa. Makina a Biacore amagulidwa ndi madola masauzande mazana angapo. Kagalasi kamodzi ndi madola mazana angapo. Amafuna chipinda chosatentha, magetsi osadukiza, madzi oyera kotheratu, ndi katswiri wowakonza amene amachokera kunja. Choposa apo, makinawo payokha ndi chitsulo chabe ngati palibe labotale yotha kupanga mapuloteni oyera oti amatidwe pa golideyo, ndipo ndalama zambiri zimathera kumeneko. Komanso tisakokomeze: kugwira kolimba pa galasi sikutsimikiza kuti mwana atetezeka. Pamafunikabe kuyesa ndi tizilombo tamoyo, ndi kafukufuku wa m'midzi. Ndinalowapo m'labotale ina m'dziko muno n'kupeza makina okwera mtengo atafunditsidwa chitenje ngati maliro, chifukwa amene anapereka anaiwala kuti mankhwala oyendetsera amatha. Mphatso zoterozo, zodzajambulitsa nduna ikudula riboni, ayi ndithu, zikhale.

Koma palibe akunena kuti makinawa aikidwe pa chipatala cha boma cha Mchinji, kapena ku Kapiri, kapena ku Guilleme. Dziko lonse lingayambe ndi labotale imodzi ya boma, yotsegukira wofufuza aliyense wa ku KUHeS, MUST, LUANAR, Mzuni ndi UNIMA, yokhala ndi mzere wakewake mu bajeti wa magalasi, mankhwala ndi kukonzetsa, osati ndalama za pulojekiti ya zaka zitatu. Mtengo wa makinawo sungapose wa magalimoto ochepa chabe a VX amene amatidutsa pa msewu wa M12 magalasi atatsekedwa. Iliponso njira ina yosavuta kusamala, ya makina a Octet, imene m'malo moyendetsa madzi m'timifuleni imaviika nsonga za timitengo tagalasi m'timaenje ta mbale. Zoti tilibe ndalama ndi zoona. Zoti ndalama zochepa zimene tili nazo timadziwa kuziika pa zinthu zofunika, ndiye bodza. Mayiko a mu Africa analonjezana kuti aziika 1 pa 100 ya chuma chawo pa kafukufuku, monganso analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 pa 100 ya bajeti izipita ku zaumoyo. Malonjezo timasaina ndi cholembera chokongola.

Ngati pali anthu amene akudziwa phindu la kuyeza wekha, ndi alimi a Mchinji omwewa. Mtedza wa Malawi unataya misika ya ku Ulaya chifukwa cha chuku, poizoni wa nkhungu amene amaononga chiwindi. Malire a European Union pa mtedza wodya ndi magawo 4 okha pa 1,000,000,000 alionse. Kutumiza chidebe cha mtedza mpaka ku doko la ku Ulaya kuti akakuuze kumeneko kuti wakanidwa ndi kutaya chuma. Zinthu zinasintha pamene a ICRISAT ku Chitedze, mothandizana ndi NASFAM, anayamba kuyeza chuku konkuno ndi njira yotsika mtengo yogwiritsa ntchito ma antibody amene amagwira poizoniyo. Alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji anatha kugulitsa mtedza wawo m'masitolo a ku UK pansi pa chizindikiro cha Fairtrade. Mtedza unali womwewo, nthaka yomweyo, makasu omwewo. Chimene chinasuntha ndi sikelo, inabwera pafupi ndi munda.

Kachipangizo koyezera malungo kamene mlangizi wa zaumoyo amadonthezapo magazi a chala nakonso ndi mbale wake wa kagalasi kaja. Mzere wofiirira umene umaoneka ndi timadontho ta golide tomangiriridwa ku ma antibody amene agwira puloteni ya tizilombo yotchedwa HRP2. Ku Eritrea tizilombo tambiri tinasiya kupanga puloteniyo, zipangizo zinayamba kunena kuti odwala alibe malungo, ndipo mu 2016 dzikolo linasintha zoyezera zake. Moyo wa mwana wotentha thupi usiku ku Waliranji wapachikika pa kugwirana kwa antibody ndi puloteni, zinthu ziwiri zimene sitipanga ndipo timangokhulupirira.

Anthu oti agwire ntchitoyi tili nawo. Nthawi ya Covid, gulu la Kondwani Jambo ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre linayeza ma antibody m'magazi a anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, n'kuonetsa kuti matendawa anali atafalikira kutali kwambiri kuposa mmene ziwerengero za boma zinkanenera. Kumwera kwathuku, mu November 2021 labotale ya Sikhulile Moyo ku Gaborone inali m'gulu la oyamba kuona mtundu wa Omicron, ndipo patangopita milungu iwiri labotale ya Alex Sigal ku Durban inali itayeza kale mmene mtunduwo umazembera ma antibody a katemera. Dziko lonse lapansi linadikira kumva kuchokera ku Africa, chifukwa zida ndi anthu zinali pamalo amodzi. Yerekezani ndi poliyo wathu: mwana wa ku Lilongwe anapuwala mu November 2021, zoyeza zinapita ku Johannesburg, kenaka ku Atlanta, ndipo boma linalengeza za mliri pa 17 February 2022. Achinyamata athu amene amaphunzira luso la zoyezera zimenezi ku Liverpool, Cape Town kapena Glasgow akabwera kwawo amapeza kuti ntchito imene ilipo ndi yolemba zizindikiro pa timabotolo topita kunja. Ena amapirira. Ambiri amabwerera kumene kuli makina, ndipo ife timawatcha osakonda dziko lawo.

Chida chachikulu chimene tili nacho sichifuna ndi tambala yomwe. Magazi a kafukufuku satuluka m'dziko muno popanda chilolezo cha komiti ya National Health Sciences Research Committee kapena ya COMREC, ndipo pamasainidwa mgwirizano wa kasamutsidwe kake. Pamenepo ndi pamsika pathu, ndipo katundu amene tili naye ndi wosowa. Magazi a mwana amene wakula akulumidwa ndi udzudzu wa malungo chaka chilichonse sungawapeze ku Uppsala. Nanga bwanji timagulitsa ngati wothawa ngongole? Makomitiwa azinena mosabisa kuti gawo la magazi alionse litsale kuno m'nkhokwe ya boma, kuti ziwerengero zonse zotuluka m'makina zibwerere kuno zisanakonzedwe, ndi kuti m'bokosi lililonse lopita kunja mutsagane wophunzira wa Chimalawi amene akakhale pa makinawo ndi manja ake, osati kukangoonerera. Kafukufuku akakhala wa zaka zambiri, kuyeza kwina kusamukire kuno zakazo zisanathe. Wofufuza wachilungamo sangathawe mfundo zimenezi. Amene angathawe, athawe.

Ndipo tisaganize mwa Malawi yekha. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Chipata ku Zambia ndi ulendo waufupi kuposa wopita ku Lilongwe. Chipata cha Mwami chinakhala cha malo amodzi mu December 2022, pamene atsogoleri a mayiko awiriwa anachitsegulira pamodzi, koma udzudzu sunayambe wadindapo pasipoti. Wodwala wa ku Vubwi ndi wa kwa Mlonyeni amalumidwa ndi udzudzu wa dambo limodzi, amalankhula chinenero chimodzi, ndipo Achewa a mbali zonse amakakumana ku Mkaika pa Kulamba. Labotale ya ku Lilongwe ikanatha kuyezera Eastern Province ndi Tete, iwo n'kusonkha nawo mtengo wa magalasi. Malole a feteleza timadziwa kuwaolotsa, koma timabotolo ta magazi timatitumiza ku Belgium mosavuta kuposa ku Chipata.

Chotsala ndi ngongole imene tili nayo kwa anthu a boma lino. Mchinji yakhala munda woyeserapo mbewu kwa zaka zambiri. Mtukula Pakhomo anayambira kuno mu 2006 asanafalikire dziko lonse. Pulojekiti ya MaiMwana inayesa magulu a amayi m'midzi yathu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu The Lancet mu 2013. Kenaka katemera wa malungo. Anthu oposa 600,000 a kuno akhala akuyankha mafunso a m'makalata, kusaina ndi chala, kutambasula mkono. Akafunsa kuti magazi athu mukupita nawo kuti, amauzidwa kuti kukayeza. Kukayeza chiyani? Mwapeza chiyani? Galimoto yapita kale. Ndiye timadabwa mphekesera za anamapopa zikabuka, monga zinachitira ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, anthu osalakwa n'kuphedwa, ogwira ntchito a United Nations n'kusamutsidwa. Kupha kuja kunali uchigawenga ndipo kulibe chowiringula. Koma mphekesera imamera pa nthaka imene yasiyidwa osalimidwa, ndipo ife ophunzira ndi amene tinaisiya. Mayi amene amamvetsa kuti venda angabere pa sikelo angamvetsenso za ntchentche ndi nkhupakupa, atapezeka womufotokozera m'Chichewa pansi pa mtengo womwe uja anamusainitsira.

Aphungu a Mchinji, mabwana athu, Nyumba ya Malamulo ikakumananso tatifunsirani a nduna ya zaumoyo mafunso awa, ndipo muumirire kuti yankho likhale lolembedwa: m'zaka khumi zapitazi, ndi timabotolo tingati ta magazi a Amalawi tinaloledwa kutuluka, tinapita kumayiko ati, ndi Amalawi angati anatsagana nato kukaphunzira kuyeza, ndipo ndi kafukufuku angati anabwerera kumudzi kukanena zimene anapeza. Mapepala a zilolezo alipo, ndi ongowerenga. Yankholo likabwera mulipereke ku wailesi ya Mudzi Wathu, aliwerenge madzulo, amayi ataweruka kumunda.